Tifunseni: Kodi Ndichotse Giza Wakale N'kuika Heat Pump?

Funso: Pakhomo pathu tilipo anthu 7, ndipo mayunitsi a magetsi sachedwa kutha. Ndikukayikira giza wotenthetsa madzi osamba. Pulambala wina wandilangiza kuti ndigule heat pump. Kodi n'zoona kuti imachepetsa ndalama za magetsi, nanga ingatithandize magetsi akamazimazima? Ndine mayi wa ku Kalongwezi, Chipata.

Yankho: Mayi, pulambalayo wakuuzani zoona pa nkhani ya mayunitsi. Giza wamba ali ndi elementi, kawirikawiri ya 2 kapena 3 kW, yomwe imasandutsa magetsi kukhala kutentha. Kuti madzi okwana malita 150 atenthe kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60, pamapita mayunitsi pafupifupi 7, ndipo banja lalikulu ngati lanu likhoza kukhuthula thanki yotere kawiri patsiku.

Heat pump imagwira ntchito ngati filiji, kungoti cholinga chake n'chotembenuka. Fani imakoka mpweya wapanja, gasi wa m'mapaipi amatenga kutentha kwa mpweyawo, kompresa imapanikiza gasiyo mpaka atenthe kwambiri, kenako kutenthako kumalowa m'madzi. Popeza magetsi amangoyendetsa fani ndi kompresa, madzi omwe aja angatenthe ndi mayunitsi 2 kapena 3 okha. Nyengo ya kuno Kum'mawa imagwirizana nayo, makamaka mu Okutobala kukamatentha. Mu Juni ndi Julayi, kukamazizira m'mamawa, imachedwerako ndipo imadya mayunitsi ochulukirapo, choncho ndi bwino kuitchera kuti izitenthetsa madzi masana.

Koma pa funso lanu lachiwiri sindikufuna kuti mudzakhumudwe mutataya kale ndalama. Heat pump imadalira magetsi a kampani ya ZESCO monga giza wakale, ndipo imatenthetsa madzi pang'onopang'ono kuposa elementi. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, ndipo magetsi ankabwera kwa maola ochepa patsiku. Nthawi ngati imeneyo makinawa sangakwanitse kutenthetsa thanki yonse. Ubwino wake ndi woti mphamvu imene amakoka ndi yochepa, moti amene ali ndi sola ndi inveta (chipangizo chosintha mphamvu ya m'mabatire kukhala magetsi a m'nyumba) yokwanira akhoza kuwayendetsa, pamene elementi ikanamaliza mabatire msangamsanga. Ngati chimene chikukuvutitsani kwambiri ndi kuzima kwa magetsi, ine ndikanayamba ndafunsa mtengo wa giza wa dzuwa, chifukwa dzuwa kuno sitilisowa.

Mtengo wogulira ndi wokwera kuposa wa giza wamba, ndiye musagule mongomva. Zimitsani giza kwa sabata imodzi, muone pa mita kuti mayunitsi atsika bwanji, ndipo kusiyana kumeneko kukuuzani ngati ndalama zanu zidzabwerere m'zaka zochepa.

Mukaganiza zogula, makinawa aikidwe pamalo podutsa mpweya, osati m'denga motsekeka, komanso patali ndi zenera la kuchipinda chifukwa amalira ndiponso amadontha madzi. Ngati mumagwiritsa ntchito madzi a pamjigo okhala ndi laimu, afunika kutsukidwa mkati pafupipafupi. Madzi a m'thanki azifika madigiri 60 kuti tizilombo ta Legionella, toyambitsa matenda a m'mapapo, tisaswane. Musanapereke ndalama, funsani wogulitsa kuti akulembereni papepala za waranti, ndiponso akuuzeni ngati mu Chipata muno muli mmisiri wodziwa kukonza kompresa, kuti musadzadikire munthu wochokera ku Lusaka.