Kwa ofuna kukayenda m'mbali mwa mtsinje wa Ouse ku York

Achemwali, mwati mu December mukufuna kupita mumzinda wa York ku England ndi ana komanso amayi, mukawongole miyendo m'mbali mwa mtsinje, ndipo mwafunsanso za kogona. Zakogonazo akuthandizeni ena, ine ndinene za mtsinjewo.

Musanakwere sitima, yambani mwaona pa intaneti machenjezo aboma a madzi osefukira. Ouse ndi mtsinje wonyenga. Mumzinda dzuwa likhoza kuwala bwinobwino, koma mvula ikagwa kumapiri a Yorkshire Dales, madzi a mitsinje ya Swale ndi Ure amatulukira ku York patapita tsiku limodzi kapena awiri. Mu November 2000 anakwera kupitirira mamita 5. Ine ndinapitako nyengo yozizira mwana ali pa pulamu, kufika pa King's Staith, msewu wa m'mphepete mwa mtsinjewo, njira yonse itamira, madzi akunyambita zitseko za nyumba. Ndipo akaphwa amasiya matope oterera ngati therere. Munthu wamkulu ngati amayi akagwa pamenepo ndi zachipatala basi. Nsapato zakutchalitchi azisiye kunyumba, avale zogwira pansi.

Madzi akakhala otsika, yambirani pa Skeldergate Bridge, mutsate New Walk, njira ya mitengo ikuluikulu imene inalambulidwa cha m'ma 1730. Mudutsa kamlatho kabuluu pomwe mtsinje wa Foss umathira mu Ouse, kenako muwoloke pa Millennium Bridge, mubwerere tsidya linalo kudzera ku Rowntree Park kuti ana akathamangeko. Palibe chitunda, palibe cholipira, ndipo poyenda mwachifatse ola ndi theka likwana. Kumeneko ndiye ndimakukonda ine, kulibe phokoso la m'tauni.

Koma December kumada 4 koloko isanakwane. Kukangoyamba kuda, chokaniko kumtsinje. Malo ambiri alibe chotchinga, madziwo ndi ozizira koopsa ndipo amathamanga, anthu akhala akumira mmenemo usiku. Ana musawataye dzanja, ndapota nanu.

Awo akukuuzani za Shambles, kamsewu kakale kopapatiza ka mashopu, sakunama, ndi kokongoladi, koma Loweruka la nyengo ya Khirisimasi anthu amachita kupanikizana, amayi adzangotopa. Kulowa mu Minster, tchalitchi chachikulu cha mumzindawo, ndi mapaundi cha m'ma 20 munthu wamkulu, pomwe ku paki ya Museum Gardens, pafupi ndi Lendal Bridge, n'kwaulere. Tiyi mutengeretu mu fulasiki, pakuti ku New Walk pogula n'posowa.