Chimbale cha Oasis chopanda Wonderwall, ndi feki kapena?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Mabvuku kuno ku Harare, dzina sinditchula poti sanandilole. Akuti amalume awo anatisiya chaka chatha, nde pogawa katundu iwo anangopatsidwa katoni ya ma CD poti aliyense maso anali pa firiji ndi masofa. Mkatimo apezamo chimbale cha Oasis, bandi ya rock ya ku Manchester ku England, cholembedwa The Masterplan. Funso lawo ndi ili: "Ankolo, ine Oasis ndimaidziwa ndi Wonderwall basi, ndawerenga kumbuyo nyimbo zonse 14 koma Wonderwall mulibe, palibe ngakhale imodzi yomwe ndinaimvapo. Mnzanga wina akuti ndi zotsalira zomwe bandi inataya, wina akuti ndi feki ya mumsewu. Ndisunge kapena ndipatse ana aziseweretsa?"

Achemwali, choyamba pepani ndi maliro. Chachiwiri ana muwagulire mpira, CD imeneyo muibise pamwamba pa wodilopu.

Chimbale cha dzina limenelo chilipodi, chinatuluka mu Novembala 1998 ku kampani ya Creation ndipo ku UK chinafika nambala 2 pa matchati. Ngati mukukaika kuti chanucho ndi chowotcha pa kompyuta, chitembenuzeni muone kunsi. Choriginolo chimakhala cha siliva mbee ndipo pafupi ndi kabowo kapakati pamakhala timanambala ting'onoting'ono, chowotcha kawirikawiri chimaoneka chobiriwira kapena cha buluu ndipo kapepala kake kamakhala kamodzi kofotokopa inki itasuluka. Koma nyimbozo ndi za Oasis zenizeni, kungoti ndi zomwe azungu amati ma B-side, ndipo kuti mumvetse zimenezi pafunika ndikutengeni kaye ku nthawi ya marekodi yomwe inu simunaione.

Bambo anga anabwera kuno kuchokera ku Dedza mzinda uno wa Harare ukadatchedwa Salisbury, ndipo atakhazikika ku Mufakose chinthu choyamba chodula chomwe anagula inali rediyogalamu ya Supersonic, zija zinkapangidwa ku Bulawayo, yaitali ngati benchi ya ku tchalitchi, amayi atayala kansalu koluka pamwamba n'kuikapo maluwa apulasitiki. M'kabati yake munali mulu wa timarekodi tating'ono tija ta mainchesi 7 tozungulira ka 45 pa mphindi, tomwe kampani ya RCA Victor inayambitsa mu 1949. Kamodzi kamanyamula nyimbo imodzi mbali iyi, ina mbali inayo, basi. Mbali yolembedwa A ndi yomwe kampani ikufuna kuti pa wailesi aziimba, mbali ya B munthu sungaisiye yopanda kanthu nde amaikako nyimbo ina iliyonse yomwe ilipo. Loweruka madzulo anzawo a bambo akabwera ndi chibuku ntchito yanga inali imodzi, nyimbo ikatha bambo amangoti "iwe, tembenuza", ine n'kunyamula kasingano mosamala manja akunjenjemera poti ukakanda rekodi khofi lake silinali lamasewera. Nde ine ndinakula ndikudziwa kuti nthawi zina nyimbo yomwe imadzutsa anthu pampando ndi yakuseriyo. Ndipo si kwathu kokha, We Will Rock You ya Queen yomwe lero imaimbidwa m'mabwalo a mpira dziko lonse inatuluka mu 1977 ili kuseri kwa We Are the Champions.

Pofika m'ma 90 marekodi anali atachepa, ma singo akutuluka pa CD, koma dzina la B-side linatsala. Oasis pa singo iliyonse amakonda kuikapo nyimbo zitatu zowonjezera, ndipo Noel Gallagher yemwe amalemba nyimbo za bandiyi nthawi imeneyo nyimbo zimangomutuluka ngati madzi a pa mpope woiwalika, moti zina zabwino kwambiri anangozitaya kuseri kwa ma singo osaganiza kuti mawa chitsime chidzaphwa. Nyimbo ya The Masterplan yomwe yapatsa dzina chimbale chanucho inali kuseri kwa Wonderwall yomwe mukuifunayo, mu 1995, nde mukuona kuti simunasochere patali, ndi ana a mimba imodzi. Mwiniwake Noel wakhala akunena poyera kuti anaiwononga nyimbo imeneyi poiika kuseri. Acquiesce ndi Talk Tonight zinali kuseri kwa Some Might Say, singo yawo yoyamba kufika nambala 1 ku UK. Half the World Away inali kuseri kwa Whatever mu 1994. Anthu a ku America ndi ku Japan ma singo amenewa amawapeza movutikira komanso modula poti amachita kuitanitsa kunja, nde maganizo oyamba anali oti awasonkhanitsire pamodzi, kenako chimbalecho chinangotuluka konsekonse.

Ine maganizo anga, ndipo ena atukwana mu inbox ndikudziwa, chimbale chimenechi chimaposa Be Here Now chomwe anatulutsa mu 1997 ndi phokoso lonse lija. Be Here Now nyimbo zake ndi zazitali ngati ulaliki wa pa maliro a mfumu, magitala kuunjikana mpaka mutu kuwawa. Pa The Masterplan mumamva anyamata a ku Manchester asanakhute ndalama. Talk Tonight ndi Noel yekha ndi gitala, anailemba mu 1994 atakwiya n'kuithawa bandi ili pa ulendo ku America, anakabisala ku San Francisco masiku angapo, ndipo mukaimvetsera usiku magetsi atazima mumamva kuti munthuyu anali atatopa zenizeni. Acquiesce ndi ija Noel ndi mng'ono wake Liam amaimba mogawana, Liam ma vesi, Noel kolasi, anthu omwe moyo wawo wonse ndi kulongolola. Anapatukana mu 2009, atabwererana mu 2025 pa shoo yoyamba ku Cardiff nyimbo yachiwiri kuimba inali Acquiesce yomweyo, Talk Tonight, Half the World Away ndi The Masterplan zinalinso pompo. Zotaya zimaimbidwa mu sitediyamu patapita zaka 30?

Komabe mnzanu uja wa zotsalira sanalakwe kotheratu, tisamunyoze. Zimbale za mtundu umenewu zimasakaniza zinthu zosiyana ndipo pakufunika kudziwa chomwe wagwira. B-side ndi nyimbo yomalizidwa bwinobwino, inatuluka kale, kungoti inakhala kuseri. Outtake ndi ina, imeneyo anaijambula mu situdiyo koma sinalowe mu chimbale, mwina siinakome, mwina malo anatha poti rekodi yaikulu ya LP mbali imodzi imangonyamula mphindi 20 ndi pang'ono, mwina woimba ng'oma anaphonya pakati aliyense n'kuyamba kuseka. Kenako pali ma rarity, zija zinatuluka koma mwapatalipatali, pa wailesi tsiku limodzi, pa ka EP (kachimbale ka nyimbo zochepa) ka dziko limodzi, kapena ma demo, zoyeserera zojambulira kuchipinda. Kwathu timati mkute, anzathu achishona kuno amati munya. Mkute wa nsima yophikidwa bwino ukauwotcha pamakala m'mawa ndi tiyi umakoma mwina kuposa dzulo lake, koma wa nsima yosapsa umakhalabe wosapsa, kugona usiku sikuupsetsa ayi.

Chanucho ndi ma B-side okhaokha nde mwapeza mkute wabwino. Chosakaniza kwambiri chomwe ndimachikonda ndi Incesticide cha Nirvana cha 1992, muli ma singo akale, ma demo, zojambulira ku BBC, nyimbo za mabandi ena zomwe anangobwereza, ndipo oimba ng'oma alimo anayi osiyana poti zinajambulidwa zaka zosiyana, mumachita kumva bandi ikukula. The Who anatulutsa Odds & Sods mu 1974 chifukwa anthu amagulitsa nyimbo zawo zosatuluka mwakuba zomveka moipa, nde John Entwistle woimba bezi anakhala pansi n'kusankha yekha. Zimenezo ndi zomwe zimakhala ndi mutu, mwini nyimbo alipo ndipo wasankha. Zomwe ndimadana nazo ndi zija kampani imatulutsa bandi itachoka kapena woimba atamwalira, nyimbo imodzi yomweyomweyo kasanu, take 3, take 7, remix, live, kungofuna kukama ng'ombe yakufa. Ndinagulapo chotero pa flea market ya ku Avondale madola 10 anga, ndinakwera kombi ndikumwetulira ngati ndatola chikwama, kufika kunyumba nyimbo yachitatu ndi anthu akungotchuna magitala n'kumakambirana za chakudya. Ndinachimvera kamodzi, pano ndimaikirapo kapu ya tiyi.

Chomwe chimandiwawa ine pa nkhani imeneyi ndi chakuno kwathu. Azungu amasunga chilichonse mpaka chifuwa cha woimba chili pa tepi, ife mabandi athu a m'ma 70 ambiri amangotulutsa ma 45 okhaokha osafika pa chimbale. Wells Fargo ya ku Bulawayo ya a Ebba Chitambo inkaimba rock yolemera nthawi ya nkhondo, koma kuti nyimbo zawo zikhale pamodzi zinatengera kampani ya ku America ya Now-Again kuzisonkhanitsa mu 2016 pa chimbale cha Watch Out!. Za Hallelujah Chicken Run Band, momwe munali a Thomas Mapfumo asanatchuke, ndi za Green Arrows ya a Zexie Manatsa anazisonkhanitsa ndi a Analog Africa a ku Germany. Nanga mulu uja wa bambo anga? Rediyogalamu itawonongeka ife ana tinkaponyerana timarekodi tija pa msewu ngati mbale zouluka, tina tinapindika ndi dzuwa pa denga la chimbudzi, palibe wamkulu anatiletsa poti makaseti anali atabwera. Ndikakumbuka ndimafuna kudzimenya khofi lija ndekha.

Nde achemwali chitani izi. Ipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Yambani ndi nyimbo yoyamba Acquiesce mokweza, kenako mudumphe mupite pa Half the World Away, kenako yomaliza. The Swamp Song ilibe mawu, ndi zida zoimbira zokhazokha, mukaidumpha sindikuimbani mlandu, ndipo I Am the Walrus ndi ya Beatles anangoibwereza pa shoo nde musadabwe ndi phokosolo. Mukamaliza mundilemberenso mundiuze china chili mu katonimo, chifukwa munthu wa ku Mabvuku yemwe anali ndi The Masterplan sangakhale kuti anali ndi chimenechi chokha, ndipo ngati pansi pake mupezamo timarekodi tating'ono takuda musapatse mwana aliyense, ndikwera kombi ndibwere ndekha.