Kukaikitsa mano ku India: funso la amayi a ku Area 25

Amayi ena a ku Area 25 atilembera kuti anazulitsa mano awiri am'mbali, ndipo chipatala china cha ku India chawalonjeza kuwaika ma implant pa mtengo wotsika, zonse n'kutha m'masiku 10. Akufunsa ngati n'kwabwino kupita.

Amayi, madokotala a mano aluso ku India alipo ambiri. Chikutidetsa nkhawa ndi masiku 10 amenewo. Implant ndi kachitsulo ka titanium komwe amakalowetsa m'fupa la nsagwada, ndipo fupalo limafuna miyezi 3 mpaka 6 kuti likagwire zolimba. Dzino looneka lija, crown, nthawi zambiri amaliika pambuyo pake. Ngati mano anazulidwa kalekale, fupa limakhala litachepa, ndiye nthawi zina amayamba kaye aliwonjezera, miyezi n'kuchulukanso. Choncho werengerani maulendo awiri odzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, pogona kawiri, zonsezo pa madola. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mtengo wa ulendo wachiwiri simungaudziwe lero.

Mavuto ambiri amabwera mutabwerera kale ku Lilongwe: usinini kutupa, mafinya kutuluka, kachitsulo kugwedera chifukwa fupa silinagwire, kapena kabawuti komangira crown kumasuka. Apa ndi pamene anthu amavutika kwambiri. Makampani monga Straumann, Nobel Biocare ndi Osstem aliyense ali ndi timabawuti take ndi zomasulira zake, monga mmene sipeya ya Toyota singalowere pa Nissan. Dokotala wa kuno sangamange chinthu chimene sakudziwa mtundu wake. Musachoke kumeneko opanda kalata yotchula kampani, nambala ndi kukula kwa implant iliyonse, komanso ma X-ray onse. Dziwaninso kuti Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira madokotala kuno, ilibe mphamvu pa dokotala wa kunja. Zikalakwika, dandaulo lanu mukalipereke konko. Ngati muli pa MASM kapena inshuwalansi ina, funsani molemba ngati adzalipire zokonzanso.

Ngati ndi mano am'mwamba, mizu yake imayandikana ndi mphako za m'mphuno, ndipo opaleshoni ikakhudza pamenepo si bwino kukwera ndege msanga. Musagule tikiti yobwerera dokotala asananene tsiku. Shuga wosasamalidwa bwino komanso fodya zimachedwetsa kupola, ndipo zingachititse kuti implant ikanike.

Chimodzi tikukuletsani ndithu: akakuuzani kuti apale mano ena abwinobwino kuti onse avale crown aoneke ofanana, kanani. Dzino lopalidwa silimeranso.

Yambani kuno. Pitani ku mano ku Kamuzu Central kapena kwa dokotala wapulayiveti, akujambuleni nsagwada yonse ndi kuona usinini. Mwina bridge (mano oikirira amene amagwirizidwa ku mano oyandikana nawo) kapena mano ovula n'kuvala akukwanirani. Ngati mupitabe, mufunseni dokotalayo mitundu ya implant imene amatha kuisamalira, ndipo mukapemphe umodzi mwa mitunduyo ku India.