Asilikali oyenda pansi azibisala, koma kubisalako kuwadyere liwiro

Achimwene, mwafunsa kuti mutani popeza m'masewero ankhondo a patebulo, a tizidole ndi madayisi, asilikali anu oyenda pansi akumatha asanafike n'komwe pakati pa tebulo. Madayisi alibe mlandu. Wosewera amaona tebulo lonse ali chiimire, pomwe msilikali amene wagona m'tsekera saona patali. Ndiye mwini mfuti ya chiwaya amangodikira, n'kumapsereza aliyense wosuntha.

Ife kuno ku Zomba timasewera Bolt Action, amodzi mwa masewero otere, makamaka nkhondo ya ku Burma ya mu 1944, pamene asilikali a King's African Rifles, gulu la Aafirika lomenyera Britain, ena ochokera kwathu konkuno, ankadutsa chigwa cha Kabaw mvula ili pakati. M'nkhalango yotero munthu ankazindikira mdani ali kale pamphuno. Tinkafuna kuti tebulo lathu lipereke mantha omwewo.

Tizidole sitimaika patebulo poyamba. Gulu lililonse limalandira zitsekerero ziwiri za mabotolo. Kunsi kwa chimodzi timamata kapepala kolemba nambala ya gululo, chinacho n'chopanda kanthu. Zonse zimayenda, ndipo mnzako sadziwa kuti chenicheni ndi chiti. Mukamuona akulozetsa mfuti yake yaikulu pa chitsekerero chabodza, dzanja lili njenjenje pa tepi yoyezera, mudzamvetsa chifukwa chake timalikonda lamuloli.

Koma apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amapereka kubisala kwaulere. M'malamulo a Bolt Action gulu limayenda mainchi 6 pa Advance (kuyenda), mainchi 12 pa Run (kuthamanga). Ife tinawonjezera kukwawa, mainchi 3 basi, ndipo wokwawa yekha ndiye amakhalabe wobisika, malinga ngati ali m'udzu wautali, m'munda wa chimanga kapena m'nkhalango. Ukayenda mainchi 6 mdani akukupenya, tembenuza chitsekerero. Ukathamanga kapena kuwombera, waonekera, palibe zokambirana. Motero wosewera amasankha yekha: kufika msanga uli poyera, kapena kufika mochedwa uli moyo, masewero n'kutha usanagwire malo amene mukulimbirana.

Pofufuza mdani, gulu limene lili mainchi 12 kuchokera pa chitsekerero limaponya dayisi, ikagwa 4 kapena kuposa chimavundukulidwa. M'nkhalango yowirira timatsitsa mtundawo kufika mainchi 6. Akasinja timawavutitsa dala, afunika 5, chifukwa munthu wosuzumira pakabowo ka chitsulo saona bwino.

Zitsekerero zabodza zisapitirire chimodzi pa gulu. Zikachuluka masewero amasanduka kusaka mabotolo, anthu n'kutopa nkhondo isanayambe.

Ndipo musanaponye dayisi yoyamba, zungulirani tebulo nonse awiri, muloze malo alionse ndi chala, mugwirizane kuti apa m'pobisala, apa ayi. Ife tchire lililonse timalizinga ndi ulusi wobiriwira kuti malire ake aoneke, chifukwa mkangano wambiri umabuka pa gulu limene lili theka m'kati theka kunja. Lotero timaliwerenga kuti lili poyera.