FUNSANI ATSIBWENI: Mahampu a pamsika atiyikire ndani?

Atsibweni,
Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa kabichi ndi kachewere pa msika wina m'mbali mwa M1 konkuno ku Ntcheu. Tsiku la msika ma thiraki amadutsa liwiro loopsa pomwe ife tayala katundu, ana a sukulu nawo amawoloka pompo, moti mtima umangokhala m'mwamba tsiku lonse. Tikiti ya msika timadula daily osaphonya, magalimoto nawo amalipira pa toll gate ya Chingeni, nanga ndalama zonsezi sizingagule mahampu awiri okha? Tikadandaule kwa ndani, khansala, a MP kapena a DC?
Mayi wodandaula, Ntcheu

Mayi, zikomo polemba, ndipo mantha anuwo ngomveka chifukwa aliyense wa ku Ntcheu akukumbukabe zomwe zinachitika pa Kampepuza mu 2019 pomwe thiraki inalowerera pamsika nkupha anthu ambirimbiri. Si nkhani yoseka ayi.

Koma tiyambe talekanitsa matumba, poti mwasakaniza ndalama za eni ake awiri. M1 si msewu wa khonsolo. Misewu ikuluikulu ngati umenewu amayang'anira ndi a Roads Authority, ndipo ndalama za pa Chingeni paja, chimodzimodzi za pa Kalinyeke ku Dedza, amatolera ndi a Roads Fund Administration nkuziphatikiza ndi ija imadulidwa pa mafuta a galimoto, zonse nkukhala zokonzera misewu ya dziko lonse. Ndiye kuti geti lili m'boma mwanu sizikutanthauza kuti ndalamayo imatsala m'boma mwanu, pepani. Khansala wanu ngakhale atakhala wokoma mtima bwanji sangangodzuka m'mawa nkubwera ndi simenti kudzamanga hampu pa M1, alibe mphamvu imeneyo, pamafunika mainjiniya a eni msewuwo aone kaye, chifukwa hampu yoikidwa pamtsetse popanda zikwangwani nayonso imagwetsa galimoto.

Tikiti yanu ija ndiyo ya khonsolo zoona. Imalowa mu ndalama zomwe khonsolo imatolera yokha pamodzi ndi za malaisensi a bizinesi ndi za pa depoti, koma kunena chilungamo m'makhonsolo a kumudzi thumba limeneli ndi lochepa, zambiri zimathera kulipira osesa, alonda ndi omwe amadula matikitiwo. Zitukuko zooneka ndi maso zimadalira ndalama zochokera ku likulu kudzera ku National Local Government Finance Committee, monga thumba la chitukuko cha m'maboma la DDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF lomwe linayamba mu 2006 ndipo pofika 2024 linali K200 miliyoni pa dera la phungu aliyense, komanso ndalama ya pulojekiti ya GESD ya World Bank yomwe khonsolo imalandira molingana ndi mmene yakhozera pa kawuniwuni wa chaka ndi chaka.

Apa ndiye pomwe pali khomo lanu. Msewu si wa khonsolo koma msika ndi wa khonsolo. Shedi, zimbudzi, mpanda, malo oimikapo minibasi kuti asamatsitse anthu pa tala penipeni, zonsezi khonsolo ingathe, ndipo ndi khonsolo yomweyo yomwe ingalembere a Roads Authority ndi a Road Traffic kupempha mahampu, zebra crossing ndi zikwangwani. Kalata yochokera kwa DC imamveka kusiyana ndi kudandaula pa gulu la WhatsApp la amayi a pamsika, komwe mumangoyankhana kuti "zoona asisi" kenako ziii.

Ndiye musayambire kwa MP. Yambirani ku komiti yanu ya msika, lembani kalata ya tsamba limodzi, tchulani malo enieni omwe ana amawolokera ndi masiku a msika, asainire a komiti, a hedi a pasukulupo ndi a gulupu. Kopi ina kwa khansala, ina ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kuti ikwere nayo ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, ina musunge nokha mu jumbo isanyowe. Zofuna za midzi zimayenda njira imeneyo mpaka kukalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse, ndipo chomwe sichinalembedwe mu pulani, pa nthawi ya bajeti chimangodumphidwa. Vuto lathu ndi loti misonkhano ya VDC timaithawa poti kulibe alawansi, amapitako ndi anthu asanu omwewo, iwo nkusankha mjigo pafupi ndi kwawo, ife nkumadzalira kumbuyo.

Tsopano mundikhululukire mayi, ndinene chowawa. Mahampu amathandiza dalaivala yemwe mabuleki ake akugwira. Thiraki yodzaza yomwe mabuleki aduka pamtsetse siidziwa hampu, imangopita. Chomwe chingakupulumutseni ndi kuchotsa mulu wa kabichi uja pa phewa la msewu, ndipo ndikudziwa yankho lanu kale, mukuti kasitomala wa pa basi ya ku Blantyre satsika, amangotulutsa dzanja pa windo ndiye wokhala mkati mwa shedi agona ndi njala. Nzoona ndithu, ndaonapo pa Lizulu ndi pa Tsangano turn-off mmene anthu amathamangira ndi mabeseni galimoto isanaime nkomwe. Nchifukwa chake popempha musangoti shedi basi, pemphani shedi yokhala ndi polowera magalimoto, kuti basi izipatuka nkuima mkati. Ikamangidwa kutali ndi makasitomala mudzaisiyira mbuzi, inu nkubwerera pa tala pomwe paja.

*

Atsibweni,
Kwathu kuno ku Dedza kumunsi kwa phiri mlatho wa mitengo umakokoloka dzinja lililonse, ana osapita kusukulu mpaka madzi ataphwera. Tamva zoti ndalama za chitukuko zinabwera koma kwasankhidwa bwalo la mpira. Kodi tili ndi ufulu woona mapepala a ndalamazi kapena tingapalamule?
Mnyamata wa kabaza, Dedza

Mphwanga, palibe mlandu pamenepo, ufulu uli nawo. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limakulola kulemba kalata ku ofesi ya boma kupempha kuona bajeti, mndandanda wa mapulojekiti ndi dzina la kontirakitala. Misonkhano ya khonsolo yonse, ija amati full council, nayonso si yachinsinsi, munthu wamba amatha kukakhala kumbuyo nkumamvetsera, kungoti savota.

Koma "tamva zoti" ameneyu samala naye, wapha maubale ambiri. Kaye kafunse kwa wapampando wa ADC ngati mlathowo unalembedwapo nkomwe, ndipo uone ma minitsi ndi maso ako. Mwina mpirawo anaupempha ndi anzako omwe umakhala nawo pa siteji. Komanso ndalama zina zimabwera zomangidwa kale, ya mijigo siingapite ku mlatho. Ukapeza kuti mlatho unali pamwamba pa mndandanda wina nkuutsitsa mwakachetechete, apo ndiye sonkhanitsa makolo a ana aja ndi amfumu mukakhale pa ofesi ya khansala Lolemba m'mawa, mafoni ali ndi zithunzi za mlathowo madzi atasefukira. Iweyo ndi njinga yako ukhoza kuwanyamula agogo awiri ulere tsiku limenelo.