Kwa mayi a mnyamata wa ulumali wosamva

Mayi, mwafunsa komwe mwana wanu wa zaka 19, yemwe samva, angaphunzire ntchito yamanja kuno ku Johannesburg, poti amangokhala m'nyumba tsiku lonse. Zandikhudza, chifukwa mng'ono wanga nayenso samva.

Yambani ndi mapepala. Maphunziro otchedwa learnership, olipidwa ndi ma SETA (mabungwe a boma oyang'anira maphunziro a ntchito), amatenga pafupifupi miyezi 12 ndipo wophunzira amalandirako kangachepe, koma ambiri amafuna ID ya dziko lino. Ngati alibe, musataye nthawi pa mizere. Ku Malawi kuli sukulu ya ntchito zamanja ya anthu olumala ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, yomwe mungaiganizire.

Chachiwiri ndi chinenero. Chamanja cha kuno si chimodzimodzi ndi cha kwathu. Cha kuno chinavomerezedwa kukhala chinenero cha boma cha nambala 12 mu 2023, ndipo a DeafSA, bungwe la anthu osamva la dziko lino, angakulozereni komwe angachiphunzire.

Koma chachikulu, mayi, mumutulutse m'nyumbamo. Mng'ono wanga tinayamba ndi kumuphunzitsa kukwera taxi yekha. Kuno taxi amaiimitsa ndi manja, chala m'mwamba ngati ukupita m'tauni, ndiye anagwira msanga kuposa ine. Kenako telala wina wochokera kwathu, wa ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, anamulola kukhala pambali pa makina ake. Sabata zoyamba ankangosita ndi kudula ulusi. Lero amapinda yekha mathalauza, ndipo mtengo amalembera kasitomala pafoni. Nayenso mwana wanu, ndalama zake muzimusiya awerenge yekha, ngakhale achedwe.