Kodi zilembo "zimaripulesedwa" kapena zimalowa m'malo?

Funso: Ndili ndi fayilo yaikulu ya nkhani zolembedwa m'kalembedwe ka ku Zambia ndipo ndikufuna kuiika m'kalembedwe ka ku Malawi pogwiritsa ntchito sed, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera zolemba m'mafayilo. Ndikufuna kuripulesa zilembo zingapo mu pass imodzi. Polembera anzanga malangizo, ndinene bwanji m'Chichewa? Kodi "kusinthanitsa" ndi mawu oyenera?

Yankho: Achimwene, "kuripulesa" ameneyu mukamutaye kudzala lero lomwe. Ine sindidana ndi mawu obwereka. Kompyuta ndi fayilo tinawalandira ndi manja awiri chifukwa athu tinalibe. Koma kukabwereka khasu kwa aneba lako lili pakhonde ndi ulesi basi.

"Kusinthanitsa" nakonso sikukukwana. Mayi akasinthanitsa nkhuku ndi chimanga, nkhuku imapita uko chimanga n'kubwera kuno, zonse ziwiri zilipobe. Mukauza sed kuti s/c/ch/g sizitero: c amachoka, ch n'kukhala pamene panali mnzakeyo. Kumeneko ndi kulowa m'malo, monga mwana wa mlongo wake wa mfumu amalowera m'malo mwa malume ake. Mawuwa ali kale m'galamala yathu. Aphunzitsi athu kupulayimale ankatiimiritsa padzuwa mpaka titaloweza kuti ine, iwe, iye ndi alowam'malo, chifukwa amakhala pamene pakanakhala dzina. Choncho lembani kuti "kulowetsa ch m'malo mwa c". "Kusintha" sikulakwa, koma ndi thumba lalikulu: munthu amasintha zovala, maganizo, ngakhale ndalama.

Pass imodzi ndi ulendo umodzi. Pulogalamu ya sed, imene Lee McMahon anailemba ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970, simeza fayilo yonse nthawi imodzi. Imatenga mzere umodzi, n'kuuchita zonse zimene mwailamula motsatana, n'kuutulutsa, kenako n'kutenga wina. N'chifukwa chake fayilo ingakule bwanji, kompyuta siibanika. Zili ngati wodzala chimanga amene amakumba phando, kuponya mbewu ndi kukwirira asanasunthe phazi, osati kuyenda munda wonse katatu. Pajatu mzere ndi wa m'munda ndi wa m'buku womwe, ndipo ndime imene timawerenga inachokera ku kulima. Ine ndimakhulupirira kuti amene anayamba kutchula zolemba ndi mayina amenewa anali atangotula khasu.

Malamulo angapo mumawalumikiza poika -e patsogolo pa lililonse, kapena kuwalekanitsa ndi chizindikiro cha semikoloni (;). Ndipo akachuluka mumawalemba m'fayilo yawoyawo n'kuiitana ndi -f.

Koma apa pali mbuna, ndipo yakumbidwa ndi kalembedwe kathu komwe. Ku Zambia amalemba cinthu ndi nchito, ife timalemba chinthu ndi ntchito. Ndiye c asanduke ch, ch asanduke tch. Mukayamba ndi c, cinthu chikhala chinthu, koma lamulo lachiwiri lichipeza pomwepo n'kuchisandutsa tchinthu. Mukayamba ndi ch, nchito ikhala ntchito, kenako lamulo la c liikenso h wina: ntchhito. Lamulo lililonse limadya zimene lam'mbuyo lasiya. Njira yake ndi kubisa kaye ch kuseri kwa chizindikiro chimene mulibe m'fayilomo:

sed -e 's/ch/@/g' -e 's/c/ch/g' -e 's/@/tch/g' nkhani.txt > zatsopano.txt

Ngati muli ma adiresi a imelo, @ musamugwiritse ntchito, sankhani china. Chizindikiro chimenechi anzanuwo muwauze kuti ndi chogwirizira malo, ngati mwala umene amayi amasiya pamzere wa kuchigayo.

Zilembo zazikulu zimafuna malamulo akeake, apo ayi Cinyanja chikhalabe Cinyanja. Ndipo muchenjere nawo, chifukwa lamulo la Ch likhoza kukusandutsirani Chipata kukhala Tchipata. Komanso sed sadziwa kuti mawu awa ndi athu, awa ndi achilendo. Ine nditayesa koyamba, ndinapeza kuti m'fayilo monse anthu akucheza pa Fachebook. Mwamwayi ndinali nditatumiza zotsatira ku fayilo ina. Inu mukafuna kugwiritsa ntchito -i kuti zisinthike m'fayilo yomweyo, lembani -i.bak kuti yakaleyo itsale pambali.